Alamu ya mpweya woipa: ya mabatire gulani, ya pasoketi siyoyenera nyumba za mu Mzuzu

Zipangizo ziwiri zikugulitsidwa ndi dzina limodzi loti "alamu ya gasi", ndipo ogula ambiri amafika nazo kunyumba asakudziwa kuti atenga iti. Ina ndi kabokosi koyera koyendera mabatire, kolembedwa kumaso kwake CO kapena carbon monoxide, dzina la mpweya wapoizoni wochokera ku moto. Inayo ndi yolumikiza pasoketi, imene paketi yake imalonjeza kuti imamva zonse, gasi wophikira ndi carbon monoxide yemwe. Tisakuzungulitseni: ya mabatire, ikakhala yeniyeni, ndi yoyenera kukhala m'nyumba iliyonse imene mumalowa mbaula. Ya pasoketiyo ili ndi zilema ziwiri zimene sizikonzeka, ndipo ndalama yake ndi bwino mugulire payipi yatsopano ya gasi.

Chimene chimatuma anthu kukasaka alamu kawirikawiri ndi silinda ya gasi. Munthu wagula ya 6 kg kapena 9 kg chifukwa makala akwera mtengo ndipo magetsi ngosadalirika, waiika m'khitchini, ndiye usiku tulo sitikubwera: nanga ikaphulika? Manthawo si achabe, koma alunjika pa chinthu chimene chimachenjeza chokha. Gasi wophikira, wa LPG, amamuthira dala mankhwala onunkha otchedwa ethyl mercaptan kuti akangothawa pang'ono mphuno imve. Carbon monoxide alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa, satulutsa misozi. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa mpweya uwu ananena zoona ndendende. M'makomo ambiri kuno sachokera ku silinda ayi. Amachokera ku mbaula imene yalowetsedwa kuchipinda mu Juni ndi Julayi, mawindo ali chitsekere.

Mipweya iwiriyi imasiyananso kayendedwe, ndipo nkhani yonse ya maalamu yagona pamenepa. Gasi wophikira ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amalemera ka 1.5 kuposa mpweya umene timapuma, butane pafupifupi kawiri. Akathawa amatsika n'kuyala pa simenti, kulowa pansi pa kabati ndi m'ngalande ya sinki. Ngozi yake ndi moto: akakwana pafupifupi 2 peresenti ya mpweya wa pamalopo, kuthetheka kwa m'swichi ya magetsi n'kokwanira kumuyatsa. Kakhitchini ka mamita 2 mulifupi, 2.5 mulitali ndi 2.5 kupita kudenga kamafika pamenepo ndi gasi wokwana theka la kilogalamu basi, ndipo poti amaunjikana pansi, m'munsimo mumafika msanga. Carbon monoxide kulemera kwake n'chimodzimodzi ndi mpweya wamba, kupepukirako pang'ono. Amakwera ndi kutentha kwa moto kenako amabalalika chipinda chonse. Iye saphulika m'nyumba, amalowa m'magazi.

Amapangika chilichonse chikamayaka mpweya usakukwanira: makala, nkhuni, palafini, petulo wa m'jenereta, ngakhale gasi amene. M'magazi muli hemoglobin, chimene chimanyamula okosijeni kupititsa ku ubongo ndi ku mtima, ndipo carbon monoxide amakakamira pa hemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 n'kupitirira. Munthu amapuma bwinobwino, chifuwa chikukwera n'kutsika, koma magazi akuyenda opanda katundu wake. Kuchuluka kwake amayeza ndi ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo 1,000,000 a mpweya wa m'chipindamo. Pa 200 ppm mutu umayamba kupweteka pakatha maola 2 kapena 3. Pa 400 ppm litsipa limafika mu ola limodzi kapena awiri, ndipo kupitirira maola 3 moyo uli pachiswe. Pa 800 ppm chizungulire, nseru ndi kugwedezeka kwa thupi zimabwera pasanathe mphindi 45.

Ya mabatire

Kukula kwake n'kokwana m'manja. Zina zimafuna mabatire a AA awiri kapena atatu, zina zili ndi batire lomatiriratu m'kati loti likhale moyo wonse wa alamuyo. Mtima wake ndi sensa yaing'ono yokhala ndi mankhwala amadzimadzi. Carbon monoxide akalowa, mankhwalawo amatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo alamu imawerenga timagetsito. Njira imeneyi siidya mphamvu, n'chifukwa chake mabatire abwino a alkaline amatha chaka kapena kupitirira. Ubwino woyamba ndi womwewo: a ESCOM azimitse kapena asazimitse, iyo ili pantchito. Ndipo usiku umene magetsi athima ndi womwe mbaula imalowa m'nyumba, jenereta n'kulira pakhonde.

Dandaulo limene ogula amabwera nalo kawirikawiri ndi loti "ndinaiika pafupi ndi mbaula koma sinalire, ndiye kuti ndi yakufa". Si yakufa. Anaipanga dala kuti iziwerengera kuchuluka kwa mpweya pamodzi ndi nthawi, monga momwe magazi amadzazira pang'onopang'ono. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 50291 umati pa 30 ppm isalire mphindi 120 zisanakwane, pa 50 ppm ilire pakati pa mphindi 60 ndi 90, pa 100 ppm pakati pa mphindi 10 ndi 40, ndipo pa 300 ppm ilire mphindi 3 zisanathe. Wa ku America, UL 2034, ndi wochedwerapo: pa 70 ppm imalira pakati pa mphindi 60 ndi 240, pa 400 ppm pakati pa mphindi 4 ndi 15. Pakakhala posankha, ife timakonda ya EN 50291, makamaka kunyumba kumene kuli khanda, mayi woyembekezera, agogo, kapena munthu wodwala mtima, chifukwa amenewa savutika kugwa ndi mpweya wochepa.

Onjezerani ndalama mutenge yokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Yopanda kagalasi imangokhala chete mpaka zitavuta, pomwe inayo imakuphunzitsani za nyumba yanu. Mudzaona nambala ikukwera nyemba zikamaphikidwa chitseko chili chotseka, ikutsika mukatsegula windo. Dziwani chabe kuti zina zimalemba 0 mpweya ukakhala pansi pa 30 ppm, zina zimayambira pa 10, choncho 0 sakutanthauza kuti mulibiretu. Zambiri zili ndi batani loonetsa nambala yaikulu imene inafikapo, ndipo m'mawa mutha kudziwa zimene zinachitika muli m'tulo.

Vuto lalikulu la chipangizochi ndi zachinyengo. Pali timabokosi tofanana nako ndendende, tokhala ndi tinyali tofiira ndi tobiriwira, tolira bwino mukadina batani, koma tosamva kanthu. Chizindikiro cha CE pachokha musachikhulupirire, wopanga amatha kudzidindira yekha. Tembenuzani alamuyo, osati paketi yokha. Kumbuyo kwake kukhale EN 50291 kapena UL 2034, dzina ndi keyala ya wopanga, chidindo cha bungwe limene linaiyesa monga Kitemark ya BSI, tsiku limene inapangidwa ndi tsiku loti itayidwe. Makampani odziwika monga Kidde, FireAngel ndi Ei Electronics amalemba zimenezi. Sensa imatha pakati pa zaka 5 ndi 10 kutengera mtundu, ndipo imakalamba ngakhale ili m'katoni, ndiye imene yakhala zaka 3 pa shelefu musailipire ngati yatsopano. Chinanso, musasokoneze ndi alamu ya utsi, yozungulira ija ya kudenga. Imeneyo siimva carbon monoxide, ndipo makala ofiira bwino alibe utsi woti imve.

Batani lolembedwa Test limayesa batire, mawaya a m'kati ndi kulira. Silikutsimikizirani kuti mpweya ukufika pa sensa. Ngati yanu ili ndi kagalasi, iyeseni kamodzi ikadali yatsopano, muli pakhonde: yatsani kamtengo ka lubani, kolani utsi wake m'jumbo yoonekera m'kati, chotsani lubaniyo, ikani alamu m'jumbomo n'kumanga. Pakapita mphindi zochepa nambala iyenera kukwera. Ikakhalabe pa 0, bwezani. Mukatha itulutseni ipume mpaka ibwerere pa 0. Musaiyese pa ekizozi ya galimoto kapena njinga yamoto, mwaye ndi chinyezi cha mmenemo zimaononga sensa.

Poikapo pamafuna kuganiza. M'chipinda chimene mumayaka moto, ikhale mita 1 mpaka mamita 3 kuchokera pa mbaula kapena sitovu, pakhoma, pamwamba kuposa chitseko ndi windo koma masentimita 15 kutsika kuchokera ku siling'i. Mukaiika ku siling'i, italikirane ndi khoma masentimita 30. Kuchipinda chogona kumene kulibe moto, ikhale pa msinkhu wa mutu wa munthu akagona. Isakhale kuseri kwa katani, m'kabati, pamwamba penipeni pa mapoto pamene pamakwera nthunzi ndi mafuta, kapena pafupi ndi windo ndi mavent, pamene mphepo yakunja ingainamize kuti zonse zili bwino. Ngati ndalama yakwana imodzi yokha, ipite kumene anthu amagona. Kulira kwake ndi madesibelo 85, kokwanira kudzutsa amene ali m'chipindamo, koma kudutsa makoma awiri a njerwa ndi zitseko zotseka, mvula ikugunda pa malata, musayembekezere zambiri.

Zofooka ili nazo. Siimva gasi wophikira mpang'ono pomwe. Silinda itha kutha yonse iyo ili duu. Chinyezi cha kuno chimadyetsa dzimbiri tizitsulo togwira mabatire, ndipo mabatire otchipa amachucha m'kati, choncho tsegulani muone miyezi ingapo iliyonse. Batire likafooka imalira ka "pi" kamodzi pa mphindi iliyonse kapena theka lake, kawirikawiri pakati pa usiku kukazizira, ndipo apa ndi pamene ambiri amachotsa mabatire n'kuiwala mpaka chaka chamawa. Sungani ena apadera m'dirowa. Kulira kwa ngozi n'kosiyana, zambiri zimalira kanayi motsatizana, kupuma, n'kubwerezanso. Palinso chodabwitsa chimodzi chimene chimasokoneza eni masola ndi mainveta: mabatire amadzi aja akamatchajidwa amatulutsa mpweya wotchedwa hydrogen, ndipo sensa ya carbon monoxide imatha kumuwerenga ngati mdani wake. Alamu ikamalira m'chipinda cha mabatire popanda moto uliwonse, isunthireni kwina, koma chipindacho chipatseninso mpweya, chifukwa hydrogen naye amayaka.

Mbaula kuchipinda

Mzuzu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi umatsika pansi pa madigiri 10, nthawi zina ndi kamvula kowaza tsiku lonse. Munthu wa ku Chibavi, Mchengautuwa kapena Zolozolo amene wamaliza kuphika nsima n'kuona makala akadali ofiira sangawathire madzi mosavuta, anagula ndi ndalama. Amalowa nawo. Mavent anatsekedwa kale ndi makatoni kapena nsanza chifukwa cha mphepo ndi udzudzu, pansi pa chitseko pali thumba. Chipinda chaching'ono chotere chimadzaza msanga.

Chikhulupiriro chimene chapweteketsa anthu ambiri ndi choti makala akayaka n'kufiira, utsi n'kutha, ndiye kuti poizoni watha. Zoona zake n'zotembenuka. Utsi wa poyamba uja umatsokomoletsa, munthu amathawa kapena kutsegula chitseko. Makala ofiira opanda lawi, okutidwa ndi phulusa, ndi amene amatulutsa carbon monoxide mwakachetechete mpaka atatheratu, ndipo mpweya wa m'chipinda ukamachepa amatulutsa wochuluka. Kukwirira ndi phulusa kuti afike m'mawa kumangoonjezera. Mbaula ya dongo m'kati imapulumutsa makala, eya, koma mpweya wake ndi womwewo. Ena amaika beseni la madzi pambali poganiza kuti limayamwa poizoni. Carbon monoxide sasungunuka m'madzi mokwanira kuti zithandize. Windo lotsegula kachala kamodzi nalonso silingadaliridwe usiku wopanda mphepo.

Apa tinene momveka, chifukwa ndi pamene alamu yabwino ingasanduke msampha: kugula alamu si chilolezo chogona ndi mbaula. Munthu amene wamwa mowa kapena watopa kwambiri atha osaimva, ndipo amene mpweya wamulowa kale amadzuka miyendo itafooka, mutu utasokonezeka, osatha kufika pachitseko. Otherani moto muli maso, chitseko chili chotsegula, kenako mbaula ituluke panja musanagone. Kwa khanda, chipewa, masokosi ndi kuligoneka pachifuwa cha mayi zimafunditsa popanda ngozi. Botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje limathandiza akuluakulu. Abwana amene muli ndi mlonda wogona m'kanyumba ka pageti, kanyumba kameneko ndi kakang'ono kuposa chipinda chilichonse cha m'nyumba mwanu, ndipo iye ali yekha usiku wonse. Mugulireni jekete ndi bulangete, muikemonso alamu. Oweta nkhuku amene amafunditsa anapiye ndi mbaula, musamagone m'kholamo.

Zizindikiro zake zimanamiza chifukwa zimafanana ndi malungo kapena chimfine: mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kusanza. Kusiyana kwake n'koti thupi silitentha, anthu angapo m'nyumba imodzi amadwala nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja amapezako bwino, akalowa zimayambiranso. Banja limene limadzuka ndi mutu m'mawa uliwonse nyengo yozizira, n'kumangomwa panado, liyang'ane kaye mbaula.

Alamu ikalira musayambe ndi kufufuza ngati ikunama. Tsegulani zitseko ndi mawindo, tulutsani anthu onse, werengani ana. Zimitsani gasi kapena tulutsani mbaula ngati mungathe popanda kuchedwamo. Wokomoka mukokereni panja. Ngati akupuma mugonekeni chammbali, ngati sakupuma yambani kumupsinja pakati pa chifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi wina akusaka galimoto. Musamumwetse mkaka kapena chilichonse, mkaka suchotsa mpweyawu ndipo ungamutsamwe. Mankhwala ake ndi okosijeni. Ndi mpweya wamba, theka la carbon monoxide wa m'magazi limachoka pakatha maola 4 kapena 5; ndi okosijeni wa kuchipatala limachoka mu ola limodzi kapena ola ndi theka. Aliyense amene anakomoka, akusanza, akumva kupweteka pamtima kapena akuyankhula zosokonekera apite ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi, ndipo mayi woyembekezera apite ngakhale akumva bwino, chifukwa magazi a mwana ali m'mimba amasunga mpweyawu nthawi yaitali kuposa a mayi ake. Mukafika nenani nokha kuti munagona ndi mbaula. Kamakina kopana chala kaja, koyeza okosijeni m'magazi, sikasiyanitsa okosijeni ndi carbon monoxide, kamatha kulemba 98 munthu ali pangozi. Ena amayamba kuiwalaiwala kapena kusintha khalidwe patapita masiku kapena masabata. Zikatero abwerere kwa dokotala.

Ya pasoketi

Sensa yomva gasi wophikira m'maalamu otchipawa imagwira ntchito ikatenthetsedwa ndi kawaya m'kati, usana ndi usiku. Imadya mphamvu yoti mabatire sangakwanitse, n'chifukwa chake imafuna soketi. Magetsi akathima nayo yathima, ndipo akayaka imafuna mphindi zingapo kuti itenthe isanayambe kuwerenga. Ndi mlonda amene amaweruka nthawi yomwe akuba amafika. Chilema chachiwiri ndi malo. Gasi wophikira amafuna alamu ikhale pansi, masentimita osapitirira 30 kuchokera pa simenti. Carbon monoxide amafuna ikhale m'mwamba kapena pafupi ndi bedi. Kabokosi kamodzi sikangakhale konse kuwiri, ndipo soketi ya m'khitchini nthawi zambiri ili pakatikati, pamwamba pa tebulo, pamene sipathandiza mbali iliyonse.

Imaliranso zachabechabe. Mankhwala opopera udzudzu, pafyumu, sipiriti, polishi, nthunzi ya mowa, zonsezi imazitenga ngati gasi. Ikakunamizani kangapo mumaizula pasoketi kuti mutchajire foni, nkhani n'kuthera pomwepo. Malo odyera kapena sukulu yokhala ndi masilinda a 48 kg ingafune alamu ya gasi yeniyeni, ya muyezo wa EN 50194, yoikidwa pansi ndi mmisiri, yokhala ndi batire lothandizira. Imeneyo ndi nkhani ina. Panyumba wamba, mphuno ndi madzi a sopo zimaposa kabokosi aka.

Silinda ndi sitovu

Gasi sathawira m'chitsulo cha silinda kawirikawiri. Amathawira polumikizira. Sungunulani sopo wotsukira mbale m'kapu ya madzi, tsegulani silinda sitovu ili yotseka, pakani thovu ndi siponji pa valavu, pamene regyuleta (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi) yalowa, kumapeto onse awiri a payipi ndi m'litali mwake monse. Thovu likamakula n'kumaphulika pamalo amodzi, pamenepo ndi pamene pakuthawira. Chitani izi nthawi iliyonse mwasintha silinda. Machesi si choyesera.

Wopalamula wamkulu ndi kalabala kakang'ono ka pamphuno ya regyuleta kapena m'kamwa mwa valavu. Kakaphwanyika kapena kusowa, ngakhale mumange ndi sipanala, gasi atulukabe. N'kotchipa, khalani ndi kena. Zipangizo za gasi zimafika mu Mzuzu kuchokera mbali ya South Africa komanso ya Tanzania, ndipo mavalavu ake si amodzi: ena ndi opotokola, ena ndi ongokanikiza n'kutseka ndi kachogwirira. Musakakamize regyuleta ya mtundu wina. Yopotokola ya masilinda aakulu imamanga chakumanzere, mosemphana ndi bawuti wamba, ndipo ambiri amaimasula akuganiza kuti akumanga. Ya panyumba ikhale yolembedwa 2.8 kPa kapena 28 mbar. Ija yokhala ndi chopotokola chokwezera mphamvu ndi ya mabana (mitu yotulukira lawi) aakulu okazingira tchipisi. Pa sitovu ya m'nyumba imanyamula lawi kulichotsa pa bana ndipo imatha kuvula payipi.

Payipi ikhale ya gasi, yolembedwa LPG ndi chaka chimene inapangidwa, yosapitirira mamita 2, yomangidwa ndi maklampu achitsulo mbali zonse. Waya kapena malegeni ayi. Payipi yothirira dimba imadyeka ndi gasi m'kati musakuona. Ipindeni ndi manja: ikaonetsa timing'alu kapena yauma gwa, yatha. Ngakhale ikuoneka bwino, zaka 5 zikakwana isintheni. Isadutse kuseri kwa sitovu kumene kumatentha, ndipo kumene kuli makoswe muziiyang'ana pafupipafupi.

Silinda iime chilili nthawi zonse, ngakhale pa kabaza kapena m'buti. M'kati mwake gasi ndi wamadzi, ndipo amadzaza mpaka 80 kapena 85 peresenti kuti akatenthedwa apeze pofutukukira. Ikagona, kapena akaidzaza mopitirira, gasi wamadziyo amafika ku regyuleta, lawi n'kulumpha mwadzidzidzi, pakuti lita imodzi ya wamadzi imasanduka malita pafupifupi 250 a mpweya. Pa chogwirira kapena paphewa pa silinda anadindapo kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, nthawi zambiri ndi zilembo TW. Phatikizani nambala imeneyo ndi makilogalamu amene mwalipira, muone pa sikelo musanachoke. Ikachepa akuberani, ikapitirira akupatsani ngozi. Dzazitsani kwa ogulitsa amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi.

Njira ina imene gasi amadzazira m'khitchini ilibe chochita ndi payipi: phala kapena mkaka wasefukira, wazimitsa lawi, mwini wake ali panja kuchapa. Sitovu zina zili ndi kachitsulo kosongoka pambali pa bana kamene kamatseka gasi kokha lawi likazima. Ngati mukugula sitovu yatsopano funsani za kameneka, phindu lake limaposa la alamu ya pasoketi. Mukamva fungo, musayatse kapena kuzimitsa swichi iliyonse, musayatse tochi ya foni muli momwemo. Tsekani silinda, tsegulani chitseko chakunja chifukwa gasi ali pansi ndipo windo lam'mwamba silimutulutsa msanga, tulutsani mbaula ndi kandulo. Ngati valavu yeniyeniyo ikukana kutseka, nyamulani silinda chilili kupita nayo pabwalo kutali ndi moto ndi ngalande. Moto ukagwira silinda n'kulephera kufikira valavu, chotsani anthu onse muitane ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda.

Sitovu ya gasi nayo imapanga carbon monoxide ikamayaka molakwika, ndipo imadziulula ndi mtundu wa lawi. Labwino ndi la buluu, lokhazikika, lopanda mwaye. Lachikasu, lalitali, lopepesuka, lodetsa pansi pa poto, ndiye kuti mpweya ukuchepa. Kilogalamu imodzi ya gasi imafuna makilogalamu oposa 15 a mpweya kuti ipse bwino. Zifukwa zake n'zodziwika: timabowo ta bana tatsekeka ndi phala louma, kangaude kapena mphemvu zamanga m'kapayipi kosakaniza gasi ndi mpweya, kapena chivindikiro cha bana sichinakhale bwino. Chotsani bana, tsukani ndi burashi, boolani timabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano, muumitse. Kabowo kakang'ono ka mkuwa kotulukira gasi musakakulitse ndi singano. Kakakula, lawi lachikasu silidzathanso. Poto wamkulu kwambiri pa kabana ka pamutu pa silinda ya 6 kg amaphimba lawi n'kuliziziritsa, ndipo amabwezera kutentha pa valavu. Kuchotsa tizitsulo tokhazikapo poto kuti "moto ugwire bwino" kumachitanso zomwezo. Kuyatsa sitovu kuti ifunditse nyumba n'kulakwa kofanana ndi kugona ndi mbaula. Hita ya gasi isalowe kuchipinda chogona, giza ya gasi yopanda chumuni isakhale m'bafa, ndipo jenereta ikhale panja mamita 6 kuchokera pa mawindo ndi zitseko, osati m'galaja kapena m'kolido poopa akuba.

Povuta kwenikweni ndi nyumba za chipinda chimodzi, monga zimene amachita lendi ophunzira a ku Mzuni cha ku Luwinga, momwe bedi, silinda ndi poto zili m'chipinda chomwecho. Mmenemo alamu ya mabatire ikhale pakhoma la kumbali ya bedi, kutali ndi nthunzi ya mapoto momwe chipinda chingalolere. Silinda ikhale pafupi ndi chitseko koma yosatchinga njira yotulukira, mpata wa pansi pa chitseko usatsekedwe, mavent achotsedwe makatoni. Pophika chitseko kapena windo likhale lotsegula. Pomaliza kuphika yambani kutseka pa silinda, lawi lizime lokha gasi wa m'payipi atatha, kenako tsekani pa sitovu. Tsiku lotayira alamu lilembeni ndi maka kumaso kwake, chifukwa la kumbuyo lija likangoyang'ana kukhoma palibe amalionanso.